Mlonda wa kaundula akhale wa yani?

Mwandipempha kuti ndilankhule za makina a kompyuta ndi ufulu wa munthu. Nditamva mutuwo ndinayamba ndaseka, pakuti ine foni ikangochita zachilendo ndimaitana mdzukulu. Koma za kulembedwa m'kaundula ndiye ndikuzidziwa, ndipo ena mwa inu mukuzidziwa kuposa ine. Ndiyambira pamenepo.

Zaka zimene ndinali ku Lusaka, kalata yopita kwa mayi anga sindinkailemba m'dzina langa. Ndinkasaina dzina la malemu agogo, n'kupatsa dalaivala wa lole kuti akaiponye atadutsa malire. Nkhani zake zinali za mvula, za mbuzi, za mwana amene wadwala chikuku, basi. Komabe tsiku lina mphwanga anaitanidwa ku ofesi ina, imene sinditchula pano, ndipo anamutsegulira fayilo. M'menemo munali mawu a kalata zanga zitatu, atalembedwanso ndi taipi, pamodzi ndi dzina la dalaivala uja. Mphwangayo anagona kumeneko masabata 6, ndipo potuluka anapeza ntchito yatha. Mayi ananditumizira uthenga wa pakamwa woti ndisalembenso. Ndinamvera, ndipo panapita zaka 9.

Ife tinali ndi mwayi. Attati Mpakati analandira phukusi la bomba ku Maputo mu 1979, linamuwononga manja, ndipo mu 1983 anapezeka ataphedwa ku Harare. Mkwapatira Mhango anamutenthera m'nyumba ku Lusaka mu 1989 pamodzi ndi a pabanja pake. Abale anga, phukusi silipita kwa munthu popanda keyala. Asanabwere woyatsa moto, pamayamba pabwera wolemba: uyu amakhala nyumba yakuti, amatuluka nthawi yakuti, amacheza ndi akuti-akuti.

Koma ndikufuna muone chinthu chimodzi pa ukazitape wa masiku amenewo. Unali wolemetsa. Pankafunika munthu wofukiza envulopu pa ketulo, wina wotaipa, wina wonyamula fayilo kupita nayo ku likulu. Pepala limanyowa, chiswe chimadya, kalaliki amaledzera. Ndipo nthawi zina, tisabise, kalaliki ankakhala ndi chisoni, n'kuika fayilo ya mwana wa mnansi wake pansi peni-peni pa mulu. Alipo anthu ali moyo lero kamba ka ulesi kapena chifundo cha kalaliki. Kompyuta ilibe mnansi, ndipo chiswe sichiidya. Ntchito imene inkatenga amuna khumi mwezi wathunthu, lero mnyamata mmodzi aimaliza tiyi asanazizire.

Sindikunena kuti makina ndi mdani. Mukukumbukira 1992, kalata ya maepisikopi itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, mmene makina a fakisi ndi a fotokope anagwirira ntchito usiku m'maofesi a mu Blantyre ndi Lilongwe, ndi mmene anthu anamangidwira chifukwa chongopezeka ndi kapepala m'thumba. Popanda makina amenewo nyali ikadavutika kupambana pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Funso langa ndi lakuti makinawo akakhala m'manja mwa boma kapena kampani yaikulu, amawayang'anira ndani, ndipo woyang'anirayo amaopa ndani.

Tsono ndiloleni ndikutengereni ku France, chifukwa kumeneko funso limeneli linafunsidwa poyera zaka 50 zapitazo, ndipo yankho lawo ndi limene ndikufuna tiliike pambali pa lathu.

Pa 21 Malichi 1974 nyuzipepala ya Le Monde inatulutsa nkhani yolembedwa ndi mtolankhani Philippe Boucher. Anaulula kuti boma linali ndi chikonzero cholumikiza makaundula a maofesi ake onse pogwiritsa ntchito nambala imodzi ya munthu aliyense. Mfalansa aliyense anali nayo kale nambalayo, ya manambala 13, yoyamba ndi 1 ngati ndi mwamuna ndi 2 ngati ndi mkazi, kenaka chaka, mwezi ndi malo obadwira. Chatsopano chinali chakuti a msonkho, a zaumoyo, a penshoni ndi apolisi onse azitsegula ndi kiyi imodziyo. Chikonzerochi anachipatsa dzina lachidule loti SAFARI. Inu ndi ine tikudziwa kuti safari n'chiyani, popeza makolo athu ndiwo ankasenza katundu wa azungu opita kukasaka njovu. Boucher naye anaona zomwezo, ndipo mutu wa nkhani yake unanena kuti uku n'kusaka Afalansa.

Akulu-akulu a boma sanali kukonza chiwembu. Ankafuna ntchito iziyenda msanga, mapepala achepe, obera boma agwidwe. Nanga anthu anakwiyiranji? Anali ndi chikumbumtima, monga ife tili nacho. Mu Okutobala 1940, dzikolo lili pansi pa Germany, Ayuda a mu Paris ndi madera ozungulira analamulidwa kukalembetsa kupolisi, ndipo pafupi-fupi 150,000 analembedwa. Mkulu wina wa ku likulu la polisi, André Tulard, anasanja makadiwo mwaluso: potsata dzina, potsata msewu, potsata ntchito, potsata dziko lochokera. Pa 16 ndi 17 Julayi 1942 apolisi a France omwewo anatenga makadi aja n'kuyamba kugogoda m'makomo m'bandakucha. M'masiku awiri anagwira anthu oposa 13,000, mwa iwo ana oposa 4,000, ndipo ambiri anakathera ku Auschwitz. Amene anakalembetsa mu 1940 anali anthu omvera lamulo. Kuno kwathu ku Africa tinaona zofanana mu 1994 ku Rwanda, pamene mtundu wa munthu wolembedwa pa chiphaso, chizolowezi chimene anachiyambitsa ndi atsamunda a ku Belgium, unasanduka chiweruzo pa zipata za pamsewu. Kaundula amakhala nthawi yaitali kuposa boma limene linamulemba, ndipo olowa m'malo amamupeza ali chikhalire.

Pasanathe masiku 10 chitulukireni nkhani ija, nduna yaikulu Pierre Messmer analetsa kulumikiza makaundula a maunduna popanda chilolezo. Panakhazikitsidwa komiti yofufuza, lipoti lake linatuluka mu 1975, ndipo pa 6 Januwale 1978 France inapanga lamulo la makompyuta, makaundula ndi ufulu wa anthu. Sanali oyamba ayi. Chigawo cha Hesse ku Germany chinali nalo lamulo lotere mu 1970, ndipo Sweden mu 1973. Koma la ku France ndimalikonda chifukwa ndime yake yoyamba imanena mosapsatira kuti makompyuta ayenera kutumikira nzika iliyonse, ndipo asaphwanye ufulu wachibadwidwe kapena moyo wa munthu wa kuseri. Linapatsa munthu ufulu wofunsa zimene zalembedwa za iye, wokonzetsa zolakwika, ndi wokana kulembedwa pa zifukwa zomveka. Linaletsanso kusunga mtundu wa munthu, chipembedzo chake, maganizo ake pa ndale kapena bungwe la apantchito limene ali, iye asanavomereze, kupatula pa zifukwa zochepa zotchulidwa m'lamulomo.

Mawu okoma otere ngakhale ife timatha kulemba. Chimene ndikufuna mumvetsetse ndi mlonda amene anamuika. Lamulolo linakhazikitsa bungwe lotchedwa CNIL, la anthu 17 panthawiyo, ndipo tamverani mmene anawasankhira. Anayi anali aphungu, awiri a nyumba iliyonse ya malamulo, osankhidwa ndi aphungu anzawo. Asanu ndi mmodzi anali oweruza a mabwalo atatu akulu-akulu a dzikolo, osankhidwa ndi oweruza anzawo. Awiri anachokera ku khonsolo ya zachuma ndi za umoyo wa anthu, awiri anatchulidwa ndi atsogoleri a nyumba ziwiri za malamulo. Boma linatsala ndi mipando itatu yokha. Wapampando ankasankhidwa ndi mamembala okha-okha. Ndipo lamulo linanenetsa kuti mamembalawa salandira malangizo kwa wina aliyense, ndi kuti nduna kapena bwana wa kampani sangatsekereze ntchito yawo. Anthu amene analemba zimenezi ankadziwa kuti wosunga kaundula wamkulu kuposa onse m'dziko ndi boma, ndiye mlonda woyenera ndi amene angagogode pa chitseko cha nduna mawondo osagwedezeka.

Pali kanthu kena kamene kadzakhudza inu obwerera kumudzi. Pa mafayilo a chitetezo cha dziko, amene munthu wamba sangaloledwe kuwerenga yekha, lamulolo linati mmodzi wa oweruza a mu CNIL apite m'malo mwa wodandaulayo, akatsegule fayiloyo, akaone ngati muli zabodza kapena zosayenera kusungidwa, ndipo zikonzedwe. Ajeremani anapitirira apo: khoma la Berlin litagwa anapanga lamulo mu Disembala 1991, ndipo kuyambira Januwale 1992 munthu ankatha kukawerenga yekha zimene akazitape a Stasi analemba za iye, m'mafayilo amene kuwandanditsa amakwana makilomita 111. Ife mu 1994 tinakhazikitsa bwalo lopereka chipepeso kwa ozunzidwa, ndipo linali ganizo labwino, koma ofesi yoti munthu akawerenge zimene analembedwa sitinaikhazikitse. Mphwanga anamwalira osaionanso fayilo ija.

Musaganize kuti ndikukugulitsani France ngati paradizo. Andale ndi amodzi kulikonse. Mu 2004 anasintha lamulo lija, ndipo pa makaundula a apolisi ndi a chitetezo mawu a CNIL anatsala ngati uphungu chabe, boma likhoza kumva kapena ayi. Wapampando wake masiku ano amatchulidwa ndi Pulezidenti wa dziko. Mu 2008 boma linakhazikitsa kaundula wa apolisi wotchedwa EDVIGE, woti azilembamo andale, atsogoleri a apantchito ndi a zipembedzo, ngakhalenso ana oyambira zaka 13, mpaka za umoyo wa anthu. CNIL inalibe mphamvu yoletsa. Chimene inachita ndi kuumirira kuti chikalata chokhazikitsa kaundulayo chisindikizidwe poyera. Anthu atachiwerenga anadzuka, mabungwe anasonkhanitsa masiginecha, ndipo chaka chisanathe boma linachichotsa. Galu wa pakhomo ngakhale mano atatha, akauwa eni nyumba amadzuka. Pa makampani ndiye mano alipo: mu Januwale 2019 CNIL inalipitsa Google mayuro 50 miliyoni chifukwa chosafotokozera anthu bwino zimene imachita ndi mbiri zawo, ndipo mu 2022 inalipitsa mayuro 20 miliyoni kampani ya ku America ya Clearview AI, imene inkatola zithunzi za nkhope za anthu pa intaneti eni ake osadziwa.

Tiyeni tibwerere kwathu tsopano. Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinawapeza mu 1994, ali ndi ndime 21. Imati munthu asasechedwe m'thupi, m'nyumba kapena katundu wake, asalandidwe zinthu zake, ndipo pasakhale wolowerera pa mauthenga ake, kaya a kalata kaya a lamya za mtundu uliwonse. Amene analemba ndimeyi ankadziwa fungo la envulopu yofukizidwa. Koma taonani zimene zachitika chilembereni. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba a Malawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo m'miyezi 6 yokha, aliyense ndi chithunzi chake ndi zidindo za zala zake. Mu 2018 tinalamulidwa kulembetsa manambala a foni, osalembetsa n'kudulidwa. Chiphaso chomwecho chinagwira ntchito polembetsa ovota a chisankho cha 2019, chomwecho ku banki, chomwecho pogula feteleza wotsika mtengo. Nambala imodzi, zitseko zonse. Chimene Afalansa anachikana mu 1974, ife tinachiimira pa mzere padzuwa, ndipo ine ndinali pa mzere womwewo, wokondwa. Nditakhala zaka zambiri wopanda pepala la dziko langa, chiphaso chija ndinachilandira ngati mphatso. Ubwino wake sindikuukana: mayi wa kumudzi atha kutsegula akaunti, ndipo antchito a boma ongopeka, olandira malipiro ali kumanda, amagwidwa nacho. Koma tinamanga nkhokwe yonseyo zaka 7 tisanalembe mlonda.

Pakati pa zaka zimenezo tinaona zokwanira kutichenjeza. Mu Epulo 2022 mtolankhani Gregory Gondwe anatengedwa ndi apolisi, foni ndi kompyuta yake n'kulandidwa, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata cha nkhani imene analemba. Anthu wamba amangidwapo chifukwa cha zimene analemba m'magulu a WhatsApp, pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la za mauthenga a pa makina. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma iwo sankadziwa kuti kudzabwera kachipangizo kosunga phazi ndi mlomo womwe. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti analowedwa ndi akuba a pa kompyuta amene ankafuna dipo, ndipo kwa masabata angapo mapasipoti sanatuluke. Anthu ambiri anadandaula za maulendo awo, m'pomveka. Ochepa ndi amene anafunsa kuti nanga mayina athu, zithunzi zathu ndi masiku athu obadwa, amene anali m'makinamo, anaonedwa ndi yani.

Ndipo si boma lokha. Mwezi wathawu ndinagula chipisi pamsewu, mnyamata n'kundikulungira m'pepala. Nditadya ndinayamba kuwerenga pepalalo, chizolowezi cha ukalamba. Linali fotokope ya chiphaso cha mayi wina, nkhope yake, nambala yake, mudzi ndi mfumu yake, zonse zili mbee pansi pa mafuta. Ofesi ina inamuuza kuti abweretse fotokope, iye anamvera, ndipo ofesiyo itatha nayo ntchito inagulitsa mapepala pa kilo. Ndani mwa inu sanaimbiridwepo foni ndi munthu wosamudziwa, womutchula dzina lonse, wonena kuti mwawina kapena mwana wanu wagonekedwa ku chipatala, tumizani ndalama msanga?

Lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024. Ndaliwerenga ndi magalasi anga awa, ndipo ndikuti aphungu anagwira ntchito. Limatipatsa ufulu wofunsa zimene bungwe kapena kampani ikusunga za ife, wokonzetsa zolakwika, ndi wofufutitsa zina. Limalamula osunga mbiri za anthu kuti azitola zokhazo zimene akufunikira, pa cholinga chodziwika, ndi kuti zikabedwa kapena kutayika anene. Dandaulo langa lili pa mlonda. Lamuloli linapereka udindo woyang'anira zonsezi kwa MACRA.

Ndilibe chifukwa ndi anthu ogwira ntchito kumeneko, ndipo ena ndi ana athu ophunzira bwino. Ndikunena za kamangidwe ka nyumba. MACRA ndi imene imapereka ziphaso kwa makampani a foni ndi nyumba zoulutsira mawu, ndipo imapeza ndalama kuchokera kwa iwo. MACRA ndi imene inayendetsa kalembera wa manambala a foni. MACRA ndi imene inagula makina a CIRMS, amene anthu anawatcha makina a ukazitape, nkhani imene inafika kukhoti: Khoti Lalikulu linaletsa, kenaka mu 2014 khoti la apilo linaloleza. Iwo ankati makinawo ndi oyezera ubwino wa mafoni ndi ndalama zimene makampani amapeza, ndipo mwina ndi zoona. Koma tsiku limene nzika idzadandaule kuti makina otere aona zosayenera kuona, idzakadandaula kwa mwini makinawo. Komanso akulu-akulu a bodi ya MACRA amasankhidwa ndi Pulezidenti. Yerekezani ndi mipando itatu mwa 17 ija. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, a Wapampando, ndipo pano tamuika tokha.

Ena adzati dziko ndi losauka, sitingakhale ndi bungwe pa nkhani iliyonse. Ndikumva. Koma tili ndi Ombudsman, tili ndi bungwe la Human Rights Commission, amene maziko awo ali m'malamulo oyendetsera dziko, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, tinalipereka m'manja mwa Human Rights Commission yomweyo. Njira tikuidziwa. Ena adzati izi ndi za ku Ulaya. Pitani ku South Africa, kumene ambiri a inu muli ndi ana. Bungwe lawo loyang'anira nkhani zimenezi limayankha ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mu Julayi 2023 linalipitsa unduna wa zachilungamo weni-weniwo marandi 5 miliyoni, makompyuta a undunawo atalowedwa ndi akuba mu 2021, zitapezeka kuti ziphaso za mapulogalamu otetezera makinawo zinali zitatha osazikonzanso. Ndifunse muno: ndani akuona mlonda wathu akutumiza kalata ya chindapusa ku Capital Hill?

Chimene ndikupempha mabungwe amene muli pano n'chakuti mupite kwa aphungu, a mbali zonse, pakuti amene ali m'boma lero mawa adzakhala otsutsa ndipo foni zawo zidzakhala zomwezo. Akonze lamuloli kuti mlonda akhale woima payekha, wosankhidwa ndi manja ambiri, oweruza ndi aphungu ali momwemo, wosachotsedwa ndi chilengezo cha pa wailesi usiku, wolandira ndalama zake kuchokera ku Nyumba ya Malamulo ndi wopereka lipoti lake komweko poyera. Ndipo pa mafayilo a chitetezo, akale ndi atsopano, pakhale woweruza wotha kukatsegula m'malo mwa nzika. Chomalizachi ndikupempha m'dzina la mphwanga.

Pamene tikudikira aphungu, lamulo lilipoli tiligwiritse ntchito, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndalembera kampani ya foni imene ndimagwiritsa ntchito, ndi banki yanga, kufunsa kuti akusunga chiyani za ine, anachipeza kuti, ndipo anapatsako yani. Akayankha kapena akapanda kuyankha, ndidzabwera nazo pa msonkhano wotsatira, ndipo tidzapita nazo kwa mlonda amene tili naye kuti timuone mmene agwirire ntchito. Makope a kalatayo ndasiya patebulo la pakhomo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Pali mpata wolemba tsiku, dzina la kampani kapena ofesi, ndi dzina lanu. Mulembe lanu leni-leni, osati la agogo.